Knossos: Nyumba Yakale Imene Inadzuka ndi Konkire

Mu Julaye 2025, bungwe la UNESCO linaika Knossos, mabwinja a nyumba yaikulu yakalekale, pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, pamodzi ndi malo ena asanu a pachilumba cha Crete ku Greece. Agiriki anakondwera, koma nkhaniyi inatokosanso mkangano umene sunazimepo kwa zaka pafupifupi 100: kodi zimene mlendo amaona ku Knossos ndi ntchito ya anthu a zaka 3,500 zapitazo, kapena ya Mngelezi wina dzina lake Arthur Evans, amene anafukula malowa n'kumanganso mbali zina?

Malowa ali pamtunda wa makilomita asanu kuchokera mumzinda wa Heraklion. Ukalowa, chimene chimayamba kukukopa ndi nsanamira zofiira, zonenepa kumwamba, zowonda kunsi. Aliyense amafuna kujambulitsa pamenepo. Ukayang'anitsitsa pafupi, umapeza kuti mitanda yooneka ngati yamatabwa ndi simenti yopaka penti. Nsanamira zenizeni zinali zamitengo, ndipo zinapsa kapena kuola kalekale.

Woyamba kukumba paphiri la Kephala, pamene pali Knossos, sanali Evans. Anali Minos Kalokairinos, wamalonda wa ku Heraklion komweko, amene mu 1878 anafukula mitsuko ikuluikulu yadothi m'zipinda zosungiramo chakudya. Anzake a pachilumbapo anamuletsa kupitiriza, poopa kuti zofukulidwazo zikathera ku Constantinople, likulu la Aturuki panthawiyo, pakuti Crete anali m'manja mwa Aturuki. Zambiri zimene anasonkhanitsa zinaonongeka pa zipolowe za 1898, nyumba yake itatenthedwa. Evans, amene ankayang'anira nyumba ya zinthu zakale ya Ashmolean ku Oxford ndipo kwawo kunali chuma cha fakitale ya mapepala, anagula phirilo n'kuyamba kukumba pa 23 Malichi 1900. Mwezi usanathe anali atapeza chipinda chokhala ndi mpando wamwala utatsamira khoma. Anthu amene anamanga nyumbayo, Evans anawatcha dzina la mfumu Minos ya m'nthano za Agiriki. Dzina limene iwo ankadzitcha silidziwika, popeza zolemba zawo zakale kwambiri, zotchedwa Linear A, palibe amene waziwerenga mpaka lero.

Ambiri akamadzudzula Evans amayambira pa konkire. Ine ndimaona kuti nkhaniyi inayambira pa mvula.

Mbali zambiri za nyumbayi anazimanga ndi mwala wofewa wotchedwa gypsum, umene umasungunuka pang'onopang'ono madzi akamaugwera. Dothi linausunga kwa zaka zikwi zitatu. Atangoufukula unayamba kutha. N'chifukwa chake pofika 1901 chipinda cha mpando chija anali atachifolera kale. Chaka chomwecho, kum'mawa kwa bwalo lalikulu, okumba anapeza chinthu chodabwitsa: masitepe amwala otsika nsanjika zingapo, akadali m'malo mwake. Nsanamira zimene zinkawanyamula zinali zitatha, ndipo chimene chinkawagwira chinali dothi ndi zigumukire zimene zinadzaza kunsi. Ndiye taganizani: kuti uone masitepewo uyenera kuchotsa dothi, koma ukachotsa dothi masitepewo agwa. Anayamba kukumba ngati mumgodi, akuchirikiza ndi matabwa. Matabwawo sanapirire. Mvula yadzaoneni imene inagwa chakumayambiriro kwa 1905 inagumula mbali ina ya masitepewo, ndipo zotsalazo zinali pangozi. Apa m'pamene katswiri wa zomangamanga Christian Doll anaphwasula masitepewo mwala ndi mwala, n'kuikamo zitsulo ndi nsanamira zatsopano, kenako n'kubwezera mwala uliwonse pamalo pake. Aliyense amene anaonapo khoma la njerwa zosaotcha likudyeka m'nyengo ya dzinja sangavutike kumvetsa mantha amene anthuwa anali nawo. Ngakhale otsutsa Evans kwambiri, pa masitepewa mawu awo amafewa.

Koma munthu ukapulumutsa chinthu kamodzi, mtima umakula. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, Evans anabwerera ndi katswiri wina wa zomangamanga, Piet de Jong, ndiponso konkire yazitsulo m'kati, imene inali yotchipa ndi yolimba kuposa matabwa. Usiku wa pa 26 Juni 1926 chivomezi chinagwedeza Heraklion n'kugwetsa nyumba zambiri, koma zimene Evans anamanga ku Knossos zinaima nji. Kwa iye umenewu unali umboni wokwanira. Pofika 1930 anali atakweza makonde, zipata ndi zipinda zapamwamba. Pamwamba pa chipinda cha mpando anamangapo nsanjika ina yathunthu, ngakhale panalibe chotsala chosonyeza maonekedwe ake akale. Apa ndiye sitinganamizire mvula.

Zojambula zapakhoma nazonso zili ndi nkhani yake. Amene ankazilumikiza anali Émile Gilliéron ndi mwana wake wa dzina lomwelo. Nthawi zambiri ankangokhala ndi tizidutswa tochepa, kwinako n'kudzaza ndi burashi yawo. Chithunzi china anachimaliza ngati mnyamata wothyola maluwa. Patapita zaka, akatswiri anazindikira kuti thupi labuluulo linali la pusi, atapeza mchira wake. Chithunzi chotchuka cha kalonga wovala maluwa ndi nthenga kumutu, akatswiri ambiri tsopano amati chinapangidwa ndi zidutswa za anthu osiyana. Zimene zili pamakoma a Knossos ndi zongotengera. Zenizeni zili m'nyumba ya zinthu zakale ku Heraklion, kumene ukayandikira umatha kuona zidutswa zakale zili zokhakhala ndi zotuwa pakati pa penti yosalala ya Gilliéron.

Tikhulupirire ndani? Evans analemba mabuku akuluakulu anayi pakati pa 1921 ndi 1935, olembedwa mokoma, koma wolembayo akuteteza ntchito yake. Zolemba za tsiku ndi tsiku za Duncan Mackenzie, amene ankaima pa maenje ndi antchito, n'zouma koma zili pafupi ndi dothi, ndipo pena sizigwirizana ndi zimene Evans anasindikiza pambuyo pake. Ine ndimatsamira kwa Mackenzie pamene awiriwa asiyana. Ngakhale mpando uja, poyamba Evans ankaganiza kuti unali wa mkazi, kenako anaupereka kwa mfumu Minos. Akatswiri ena apambuyo amati mwina munkakhala wansembe wamkazi. Mwini wake weniweni sanasiye dzina.

Evans anamwalira mu 1941. Mu 1964 akatswiri osamala malo akale anagwirizana ku Venice kuti pamalo ofukulidwa pasamamangidwenso zatsopano, kupatula kubwezeretsa zidutswa zimene zapezeka pamalopo. Pa mfundo imeneyi, zambiri za ku Knossos sizikanaloledwa lero. Amene akufuna kuona njira inayo amapita kumwera kwa chilumbachi ku Phaistos, kumene Ataliyana anayamba kukumba m'chaka chomwecho cha 1900 koma sanamangenso nyumbayo. Kumeneko n'koona mtima, palibe angatsutse. Komabe munthu wamba, kaya mwana wasukulu, amaona makoma ofika m'chiuno ndi mabwalo amiyala, ndipo zimavuta kuti aone m'maganizo anthu akukwera ndi kutsika. Ku Knossos amaima m'munsi mwa masitepe, kuwala kukutsika kuchokera kumwamba, n'kumva m'thupi kuti pano pankakhala anthu.

Lero konkire ya Evans nayo yakalamba. Madzi alowa m'ming'alu, zitsulo zam'kati zachita dzimbiri n'kutupa, ndipo pena simenti ikusweka. Kuichotsa sikungatheke osavulaza miyala yakale imene yagwirana nayo. Choncho akatswiri a boma la Greece, limene linalandira malowa mu 1952, akukonza zonse ziwiri: makoma a anthu akalewo, ndi makoma a Evans.