Mlembi asanafike pasukulu, ana akhale atayamba kale kulemba

Sukulu zambiri zikaitana mlembi wa mabuku zimasonkhanitsa ana onse pabwalo, mlendoyo n'kufotokoza mbiri yake kwa ola lathunthu, ana n'kuwomba m'manja, basi zathera pomwepo. Pakatha sabata mwana amakumbukira nsapato za mlendo, koma sanalembeko chiganizo ngakhale chimodzi. Kupeka nkhani ndi luso la m'manja, mwana amaliphunzira atagwira pensulo. N'chifukwa chake ulendo wa mlembi uyenera kukonzedwa ngati ntchito ya masabata atatu, ndipo tsiku la mlendo likhale pakati.

Yambani ndi chiwerengero cha ana. Chiyambireni maphunziro aulere muno m'Zambia mu 2022 makalasi anadzaza, ndipo kuno ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke si zachilendo kupeza ana oposa 60 m'chipinda chimodzi. Mlembi mmodzi sangathandize sukulu yonse. Mpatseni kalasi imodzi m'mawa, ina masana ngati mphamvu zilipo. Giredi 5 ndiyo yabwino, chifukwa ambiri dzanja lazolowera kulemba ndipo mayeso sanayambe kuwapanikiza. Temu yachiwiri ndiyonso yoyenera: mvula yatha, misewu ya kumidzi ikupitika, pamene temu yachitatu aliyense maganizo ali pa mayeso. Ahedi adziwitse ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'distrikiti, ndipo za thiransipoti ndi chakudya cha mlendo zigwirizanidwe asananyamuke. Wochokera ku Lusaka amathera tsiku lonse pa Great East Road, ndiye musamuike m'kalasi tsiku lomwelo. Komatu mlembi sikuti mpaka achokere kutali. Wolemba masewero a pa wailesi, wopeka nyimbo za kwaya, mphunzitsi wopuma ntchito amene amalemba ndakatulo, onsewa ndi alembi, bola akhale ndi zolemba zoonetsa ana.

Sabata yokonzekera ndi ya mphunzitsi. Awerengere ana nkhani imodzi ya mlendoyo, kapena masamba atatu okha, kuti akadzafika asakhale munthu wachilendo. Kenako mwana aliyense apatsidwe kabuku kakekake. Mapepala awiri a A4 mukawapinda pakati n'kuwasoka ndi ulusi amapereka masamba asanu ndi atatu. Rimu imodzi ili ndi mapepala 500, kotero ana 60 atha kupeza timabuku tinayi aliyense. Musawalembetse m'buku la sukulu lija, chifukwa mwana amadziwa kuti buku limenelo limachongedwa, ndiye amalemba moopa.

Ntchito ya sabatayi ndi kutola zinthu, kulemba nkhani kusanayambe. Atumeni akabwere ndi zinthu zitatu: mawu amene anamva munthu akulankhula, ndendende mmene anawanenera, chinthu chimodzi chimene anachiona chosakhala m'malo mwake, ndi fungo kapena phokoso la malo amodzi, kaya kuchigayo, kudimba, pamsika wa Kapata kapena pamalo oimika njinga zonyamula anthu. Mwana amene wabwera ndi mawu akuti "Iwe, chenji ndilibe, tenga tomato wina" ali kale ndi anthu awiri ndi mkangano. Amene wauzidwa kuti alembe za "Tsiku limene sindidzaiwala" alibe chilichonse, ndipo adzalemba kuti anadzuka, anasamba, anamwa tiyi.

Tsiku la mlendo pamafunika mapiriyodi awiri otsatizana, mphindi 80. Mphindi 10 zoyamba awerenge mokweza. Asabwere ndi buku losindikizidwa lokha, abwerenso ndi pepala lake loyamba, lofufutafufuta, aliyendetse m'manja mwa ana. Apa m'pamene pagona phindu la mlendo. Ana amaganiza kuti nkhani imatuluka m'mutu yoongoka kale, ndiye chiganizo chawo choyamba chikakhota amati iwo sangathe. Akaona kuti munthu wamkulu anafufuta ndime yonse n'kuyambiranso, mantha aja amachepa. Mphunzitsi atha kunena zomwezo chaka chonse, koma alibe pepala loti aonetse.

Mphindi 15 zotsatira alembe nawo limodzi pabolodi. Afunse kuti munthu wathu ndani, akufuna chiyani, chikumuletsa n'chiyani. Mwana akati "mtsikana anakwiya," mlendo alembe, kenako afunse kuti tikanamuona tikanadziwa bwanji. Wina adzati anaponya ndowa pansi, wina adzati anasiya nsima osadya. Afufute chiganizo choyamba chija ana akuona. Ndiye pabwere mphindi 25 zolemba aliyense payekha, m'kalasi muli zii, mlendo ndi mphunzitsi akuyendayenda. Wosowa poyambira asauzidwe chiganizo, afunsidwe funso limodzi lokha. Mphindi 20 ana asanu kapena asanu ndi mmodzi awerenge zawo, ndipo mlendo atchule chiganizo chimodzi chimene chagwira ntchito ndi chifukwa chake. Kungoti "wachita bwino" sikuphunzitsa kanthu. Mafunso aja oti mumapeza ndalama zingati akhale a mphindi 10 zomaliza.

Pali zinthu zimene zimabwerabwera. Ana ambiri amangolemba nthano ya Kalulu imene anaimva kale. Musawadzudzule, nthano ndiyo sukulu yawo yoyamba ya nkhani, ndipo mwana wodziwa "Padangokhala" ndi "Tili tonse" amadziwa kale kuti womvera ayenera kugwidwa. Ingosinthani chinthu chimodzi: afotokoze Fisi mwini wake, kapena zichitikire pa boda ya Mwami lero lino. Chachiwiri, pafupifupi aliyense amamaliza ndi "Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti." Auzeni aphimbe chiganizo chomalizacho ndi chala, awerengenso, aone ngati nkhani yaperewera. Kawirikawiri siiperewera. Chachitatu ndi imfa: mwana akasowa mathero amapha munthu wake pangozi ya galimoto, kapena amati anali maloto. Mankhwala ake ndi kubwerera ku funso lija, kuti munthuyu amafuna chiyani, wachipeza kapena ayi.

Nkhani ya chilankhulo imafuna kukambirana mlendo asanalowe m'kalasi. Chinyanja cha m'buku si chimene ana onse amalankhula kunyumba. Ku Petauke ndi Chinsenga, ku Lundazi Chitumbuka, ku Mambwe Chikunda, ndipo mwana wa m'tauni amasakaniza zonse ndi Chingerezi. Polemba koyamba msiyeni alembe mmene akuganizira. Makamaka mawu a anthu a m'nkhani akhale mmene amalankhulira, chifukwa agogo a ku Nyimba akayamba kulankhula Chinyanja cha m'buku nkhani imafa. Kalembedwe nakonso: sukulu za ku Zambia zimalemba "c" pamene ku Malawi amalemba "ch". Mlendo wochokera ku Mchinji kapena ku Lilongwe adziwitsidwe, kuti asakonze mwana amene walemba "cakudya" monga anaphunzitsidwira.

Bolopeni yofiira idikire. Mukachonga zolakwa 30 patsamba limodzi, ulendo wotsatira mwana adzalemba mizere itatu ya mawu okhawo amene akudziwa kuti sangalakwitse. Sabata yotsatira ulendo wa mlendo, ana awerengerane awiriawiri, womvera anene pamene sanamvetse, wolemba akonze pamenepo. Masipelo ndi zizindikiro za m'kalembedwe zibwere pomaliza, pokopera m'kabuku katsopano, ndipo musankhe zolakwa za mtundu umodzi kapena iwiri basi. Mwana amavomera kukonza akadziwa kuti pali amene adzawerenge: a giredi 3, makolo pamsonkhano wa PTA, kapena mlendo yemwe uja, ngati analonjeza kuyankha ndi kalata imodzi ya kalasi yonse. Asalonjeze kusindikiza buku ngati ndalama zake palibe.

Mlendo asatsale yekha ndi ana, mphunzitsi akhalemo nthawi yonse, ndipo zithunzi za ana kapena nkhani zokhala ndi maina awo zisaikidwe pa Facebook makolo asanavomere. Nthawi zina mwana amalemba za kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kukakamizidwa ukwati, n'kunena kuti ndi nkhani yongopeka. Imeneyo isawerengedwe pagulu, ndipo mlendo asayambe kumufunsa mafunso. Aipereke mwakachetechete kwa mphunzitsi wa uphungu tsiku lomwelo, ndipo ngati pakufunika thandizo lina, nambala ya foni ya Childline, yothandiza ana, ndi 116, yaulere.