Musanagule panelo ya sola, yambani mwawerengera

Pa nyumba imene ili kutali ndi mawaya a magetsi, chimene chimayamba kufa pa sola si panelo ayi, koma batire. Nthawi zambiri limafa chifukwa mwini wake anagula zipangizo asanadziwe magetsi amene nyumbayo imadya pa tsiku.

Chiwerengerocho n'chosavuta. Mababu 6 a LED a 5W oyaka maola 5 amadya 150Wh (Wh ndi ma W kuchulukitsa ndi maola: 6 × 5 × 5). Wailesi yakanema ya 50W kwa maola 4 imadya 200Wh, mafoni tiyerekeze 50Wh. Zonse pamodzi ndi 400Wh. Dzuwa lamphamvu lodzaza batire limakhala la maola 4 kapena 5 okha pa tsiku, ndipo mphamvu ina imatayika m'mawaya ndi m'batire, choncho panelo ya 150W ndiyo yoyenera. Mukawonjezera filiji, yambiraninso kuwerengera, chifukwa iyo yokha ingadye kuposa zonsezi.

Batire lolembedwa 12V 100Ah limasunga 1,200Wh (12 × 100), koma ngati ndi la asidi musalitsitse kupitirira theka. Mukamalikama mpaka kuuma usiku uliwonse, m'kati mwake mumawonongeka ndipo silidzazanso bwino. La lithiamu limalola kutsika mpaka kutsala 20 peresenti. La galimoto musaliyese n'komwe: linapangidwira kuliza injini, osati kuyatsa nyumba usiku wonse.

Panelo iyang'ane kumpoto ngati muli kummwera kwa equator, ndipo ipendekeke madigiri osachepera 10 kuti mvula izitsuka fumbi. Siyani mpata pansi pake, chifukwa ikatentha kwambiri mphamvu imachepa. Mthunzi wa nthambi imodzi yokha umagwetsa mphamvu ya panelo yonse.

Polumikiza, yambani ndi batire kupita ku charge controller (kachipangizo kokhala pakati pa panelo ndi batire koyang'anira kadzazidwe ka batire), panelo ibwere pambuyo. Mukasemphanitsa, controller ingapse. Ikani fyuzi pa waya wa + pafupi ndi batire. Inverter (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ofanana ndi a m'mawaya a magetsi) ilumikizidwe ku batire mwachindunji ndi waya wonenepa ndi waufupi, poti ya 1,000W pa 12V imakoka ma ampu opitirira 80, ndipo waya wowonda amatentha mpaka kuyatsa moto. Pa filiji kapena pampu yamadzi gulani inverter ya mtundu wotchedwa pure sine wave.

Zitsulo zogwira panelo zilumikizidwe ku ndodo yokhomedwa m'nthaka chifukwa cha mphezi, ndipo batire la asidi likhale m'chipinda cholowa mpweya, chifukwa podzaza limatulutsa mpweya woyaka.