Ayi, ma alien sanagwetse telesikopu ya Arecibo

Abale, nkhani ija anthu amatumizirana yoti telesikopu ya Arecibo ku Puerto Rico inagwetsedwa ndi ma alien (zolengedwa za kumapulaneti ena) pobwezera uthenga womwe asayansi anatumiza mlengalenga pogwiritsa ntchito telesikopuyi mu 1974 ndi bodza lamkunkhuniza. Uthengawo anaulozetsa ku gulu la nyenyezi la M13, ndiye kuti ukafike pakufunika zaka zoposa 20,000, panopa ulendo wake wangoyamba kumene.

Chinachitika n'chakuti zingwe zinatopa. Chimbale cha telesikopuyi, cholandirira mafunde a wailesi ochokera mlengalenga, chinali cha mamita 305 m'mimba mwake, pamwamba pake pankalendewera pa zingwezo chitsulo cholemera matani pafupifupi 900, ndiye mu Ogasiti 2020 chingwe chimodzi chinazuka mu soketi yake chifukwa zinki yogwira mawayawo imatereka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, mu Novembala china n'kuduka, pa 1 Disembala zonse zinangoti khuu pansi. Mwamwayi palibe anavulala, ndipo vidiyo ya droni imaonetsa bwinobwino mawaya akuthothoka limodzilimodzi.

Ine zimandiwawa kwambiri, chifukwa makina amenewa, omwe anatsegulidwa mu 1963, ankatiyezera ma asteroid (miyala ikuluikulu ya mlengalenga) oyandikira dziko lathu, komanso ndi omwe anapeza mapulaneti oyamba ozungulira nyenyezi ina, omwe analengezedwa mu 1992.