Mutu wa sitima sufa ndi zaka

Sabata yatha ndinakwera minibasi yochoka ku Area 25 kupita m'tauni. Tili cha ku Kanengo tinaona mutu wa sitima ukukankha mabogi, utsi uli tolotolo. Bambo amene anakhala pambali panga analoza n'kunena kuti, "Taonani chiphakasa icho. Anzathu anataya kalekale, ife n'kumatola." Minibasi yonse inavomereza. Ine ndagwira sipanala pa injini za dizilo kwa zaka zoposa 30, ndipo mawu amenewa andikwana.

Mutu wa sitima si minibasi. Injini yake siyendetsa magudumu, imazunguza jenereta, ndipo magetsi ndi amene amapita ku mamota ali pansi paja, ozunguza magudumu. Zonsezi anazimanga ndi mabawuti pa chimango chachitsulo chokhuthala, ndipo chilichonse chimachotsedwa ndi kireni n'kuikapo china. Pa injini za EMD, kampani ya ku America yopanga mitu ya sitima, silinda ikatha umaizula yonse pamodzi ndi pisitoni yake, osatsitsa injini. Ndiye chaka chimene mumawerenga pa kachitsulo ka m'mbali kaja ndi cha chimango. Zam'kati mwina zasinthidwa katatu.

Tiyeni tipite kwa "anzathu" amene akuti anatayawo. Ku America, boma litakhazikitsa lamulo la Staggers Rail Act mu 1980, lofewetsa malamulo a njanji, makampani akuluakulu a njanji anayamba kugulitsa nthambi zimene sizinkawapindulira. Zinagulidwa ndi timakampani ting'onoting'ono, ndipo lero tilipo pafupifupi 600. Timayendetsa chiyani? Mitu imene akuluakulu aja anatopa nayo. GP9, mtundu wina wa mitu ya EMD, inayamba kupangidwa mu 1954, koma mpaka pano ilipo ikukoka mabogi a chimanga kuchoka ku nkhokwe kukawasiya pa njanji yaikulu. GP38-2 ndi SD40-2, zimene zinatuluka mu 1972, anthu amachita kuzilimbirana. Sikuti ndi umphawi. Kanjanji kotere ulendo wake ndi waufupi, liwiro lochepa, mabogi owerengeka, milatho yakale yosafuna katundu wolemera. Mutu watsopano ndi wa madola mamiliyoni, wolemera, ndipo ukadwala umafuna munthu wa kompyuta wochokera kwa amene anaupanga. Wakale uja makaniko awiri odziwa ntchito amauthana nawo. Ngakhale kampani ya Railroad Development Corporation ya ku Pittsburgh, imene inali m'gulu lomwe linatenga njanji yathu mu 1999 pansi pa dzina la CEAR (Central East African Railways), kwawo ili ndi njanji ya Iowa Interstate, imene inakula ndi mitu yogula kwa ena.

Kuno kwathu njanji inafika mu Lilongwe mu 1979 kuchokera ku Salima, n'kufika ku Mchinji mu 1980, ndi thandizo la dziko la Canada. Mitu ya MX615 imene Malawi Railways inagula nthawi imeneyo inachokeranso ku Canada, ku Montreal, ili ndi injini ya ALCO 251. Kampani ya ALCO inasiya kupanga mitu ya sitima mu 1969, koma injini yake sinafe nayo, chifukwa amwenye anapitiriza kuipanga ku Varanasi, ku India, kwa zaka zambirimbiri. Zimitu zikuluzikulu za kampani ya GE ya ku America zimene zimakoka malasha kuchoka ku Moatize, kudzera pa Nkaya mpaka ku Nacala, n'zoyenera ntchito imeneyo. Koma kutenga chimutu chotere kuti chizikankha mabogi asanu a feteleza pa Kanengo n'kungowotcha mafuta. Ndinenenso kwa amene amati bwanji osangogula za ku America zotchipazo: njanji yathu ndi yotalikirana mamilimita 1,067, yawo 1,435. Siingakhalepo n'komwe.

Sindikunena kuti ukalamba ulibe mavuto. Mutu wakale umamwa mafuta ambiri, umafuka, ndipo mawaya ake amauma n'kumasweka. Chimango chikang'aluka pamalo oipa, apo ndiye basi. Koma mitu yambiri imene ndaiona itagona m'tchire sinafe choncho.

Pali umodzi umene sundichoka m'mutu. Ndinali pa kanjanji ka kampani ina m'dziko loyandikana nalo. Dalaivala, mkulu wofatsa kwambiri, anandipeza m'mawa wina nati, "Achimwene, madzi akumatsika ulendo uliwonse, koma pansi sindikuona podontha." Madzi akamatha popanda podontha, ndiye kuti akulowa m'kati. Ndinasolola chitsulo choyezera oyilo, ndinapeza wayamba kuoneka ngati tiyi wamkaka. Kalabala kotseka madzi pa silinda imodzi kanali katatha. Ntchito ya masiku awiri, kalabalako tinali nako m'sitolo, kungofunika oyilo watsopano.

Ndinapita kwa abwana. Anandiyankha mwaulemu ndithu: "Madala, katundu wadzaza, makasitomala akutiimbira. Upite ulendo umodzi wokha, ukabwera ndi wanu." Ulendo umodziwo unabala wina. Anyamata ankangothira madzi a pa mjigo, osaikamo ngakhale mankhwala oteteza dzimbiri. Oyilo wosakanikirana ndi madzi sagwira chitsulo, ndipo mabering'i anayamba kudyeka mwakachetechete. Sabata yachitatu injini inazima yokha panjira. Imeneyo inali injini ikudziteteza, chifukwa muli kachipangizo kamene kamaizimitsa mphamvu ya oyilo ikatsika. M'malo mondiitana, anapeza munthu wina wapafupi amene amati amadziwa za injini, ndipo iye anamanga kachipangizoko ndi waya kuti kasagwirenso. Sitima inalira, anthu anamuyamika, analandira yake n'kumapita. Sinayende n'komwe mtunda wautali. Mabering'i anagwira, crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazunguza, inakulika moti sikanathekanso kuipala.

Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine chimene chimandiwawa n'chakuti ndinavomera ulendo woyamba uja. Ndikanalemba m'buku kuti mutuwu usatuluke, n'kusayina dzina langa.

Crankshaft ndi yodula ndipo imachokera kunja, ndiye mutu uja anaukankhira kuseri kuti udikire ndalama. Apa m'pamene imfa yeniyeni imayambira. Mutu wina ukavuta mabatire, mumamva, "Tibwereke kaye a ujawu, tidzabweza." Kenako kompulesa ya mabuleki. Kenako mainjekita, tizipangizo tofaza dizilo m'silinda, kenako mota imodzi, kenako ina. Palibe chimene chinabwerera. Akuba nawo anabwera usiku kudzadula mawaya a kopa. Pamene ndalama ya crankshaft inkapezeka, panalibenso pokaiika.

Ndiye ndikuchenjezeni inu amene muli ndi mphamvu zosayina mapepala, kaya ndi pa njanji, kaya pa jenereta yaikulu ya fakitale, poti injini zake n'zapachibale. Samalani ndi adobadoba a masipeya. Amabwera ndi injekita yochotsa pa sikirapu, aitsuka ndi petulo, aipaka penti, aiika m'katoni yatsopano. Injekita yotere imadontheza dizilo m'malo mofaza, dizilo amatsikira mu oyilo, ndipo mathero ake ndi omwe aja. Fyuluta yopanda dzina nayo ndi chimodzimodzi. Samalaninso ndi amene amati, "Ine ndimakulunga mamota a chigayo, iyinso ndi mota basi." Sindikunyoza ntchito yawo, koma mota ya pansi pa sitima imagwira ntchito m'fumbi, m'madzi, m'kutentha, ikugwedezeka pa mfundo iliyonse ya njanji. Imafuna zokutira zake, vanishi wake, kuiwotcha mu uvuni ndi kuiyeza isanabwerere. Yokulunga mwachidule imapsa pa chitunda choyamba, ndipo nthawi zina imapita ndi jenereta.

Kwa anyamata amene mwangoyamba kumene ntchitoyi: injini ikazima yokha, musathamangire kuilizanso, funsani kaye chimene yazimira. Ikazima chifukwa cha mpweya wochuluka m'chipinda cha crankshaft, musatsegule zivundikiro zam'mbali isanazizire. M'kati muja mumakhala nthunzi ya oyilo yotentha, ndipo mpweya wakunja ukangolowa imatha kuphulika pamaso panu. Komanso aliyense amene akukuuzani kuti mumange waya pa chipangizo choteteza injini, kaya ndi wamkulu bwanji, muuzeni alembe yekha m'buku ndi dzanja lake.

Munthu akandipempha kuti ndikamuonere mutu wakale asanagule, za chaka ndimafunsa pomaliza. Ndimayamba ndi buku la mbiri yake, kuona ngati muli masamba odumpha. Ndimatunga oyilo pang'ono kuti akayezedwe ngati muli madzi, dizilo kapena tizitsulo. Ndimayeza mawaya ndi mamota, ndimayang'ana milomo ya magudumu, kenako ndimalowa pansi ndi tochi kufufuza ming'alu pa chimango.

Mutu wofa crankshaft uja ndinaufufuzanso chimodzimodzi tsiku limene a sikirapu anabwera ndi moto wawo wodulira zitsulo. Ndinayenda ndi tochi kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo, mbali zonse ziwiri. Sindinapeze mng'alu ngakhale umodzi.