Ati "ine ndinazolowera kusagona"

Ku kiliniki kwathu madalaiva amabwera ambiri kudzapimitsa maso ndi BP, ena a mabasi a pa Intercity ena a mathiraki a ku Nakonde, ndiye ndikafunsa kuti bwana dzulo mwagona maola angati, yankho limakhala lomwelo, ati adokotala ine ndinazolowera. Apa ndiye timasemphana. Mumangosiya kumva kutopako chabe koma ubongo wokha ukupitirira kufooka, ndipo wotopa ndi amene amadziyeza molakwika kuposa aliyense.

Ku Australia mu 1997 ofufuza anaziyesa izi. Munthu akakhala maso maola 17, maso ndi manja zimachedwa ngati za munthu amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, akafika maola 24 ndi ngati 0.10. Manje werengani, mwadzuka 04 kuti mukalowe pa mzere, pofika 21 mwakwana kale 17 musanalawe ngakhale Mosi imodzi. Nchifukwa chake ine sindinadandaule mu 2016 boma la Zambia litaletsa mabasi kuyenda kuyambira 21 mpaka 05, ngakhale amalonda analira.

Mukakhala maso mu ubongo mumachuluka kanthu kotchedwa adenosine, ndi kamene kamalemetsa zikope, ndipo kamachepa pogona basi. Kofi ndi ma energy drink sizikachotsa ayi, zimangotseka pamene kamagwira, zili ngati kuzimitsa foni pothawa wa kaloba, ngongole ilipobe.

Chimene chimandiopsa ine ndi katulo kakuba kaja, ka masekondi 3 kapena 4, nthawi zina maso ali chitsegulire. Pa sipidi ya 100 motoka imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi, ndiye masekondi 4 mwadutsa bwalo lonse la mpira popanda woyendetsa, tangoganizani muli m'makona a Manenekela pa Great East Road. Kamakonda pakati pa 02 ndi 05, komanso cha m'ma 14 nsima itakhazikika.

Nanenso kanandigwira, ndikuchoka ku naiti, ndinadzidzimuka pa maroboti minibasi ikuliza hutala kumbuyo, kondakitala akutukwana, sindikumbuka kuti ndinaima liti. Windo inali yotsegula, wailesi ikulira, zonsezo sizinathandize.

Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa. Mukayamba kuyasamula pafupipafupi, mutu kugwa, kapena simukukumbuka makilomita amene mwangodutsa, pakani pambali pabwino, imwani kofiyo ngati ilipo kenako gonani mphindi 20, pomadzuka ndi pamene imakhala yayamba kugwira.