Mmene nkhani ya zigawenga imathera pa tsamba lamkati

Madzulo alionse, nyuzi isanapite kokasindikizidwa, akonzi timakhala pansi kukangana za tsamba loyamba. Malo ake ndi ochepa: mutu waukulu umodzi, chithunzi chimodzi, tinkhani tiwiri m'mbali. Funso limakhala lakuti, munthu woima pa marobot a Cairo Road mu Lusaka mawa m'mawa apisa m'thumba chifukwa cha mutu uti? Mtengo wa unga, kugwa kwa kwacha, kuzima kwa magetsi, ndale. Izi zimapambana pafupifupi tsiku lililonse.

Nkhani ya zigawenga imafika patebulo itafooka kale. Taonani ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, dziko limene tachita nalo malire. Zigawenga zinayamba kuukira ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017. Zaka zinadutsa anthu akuphedwa, midzi ikutenthedwa, ife tikungoika ndime zitatu pa tsamba la nkhani zakunja. Tinalibe mtolankhani wathu kumeneko, ndipo atolankhani sankaloledwa kufikako mwachisawawa. Popanda chithunzi, popanda dzina la malemu, maliro amasanduka nambala yochokera ku makampani akunja otumiza nkhani, Reuters kapena AFP. Zikachitikanso sabata yotsatira, wina amangoti, "Iyi tinalemba kale," basi yatsika.

Mu Malichi 2021 zigawenga zinalowa m'tauni ya Palma, pafupi ndi ntchito ya gasi ya kampani ya Total. Mwa ophedwa munali anthu akunja, ndipo kampaniyo inaimitsa ntchito. Zithunzi zinayamba kubwera ngati mvula, nafenso tinaikweza nkhaniyo. Kunena zoona, sikelo imene tinayezera sinali yathu. Anatiyezera a ku London ndi Paris. Ndi zomwezo za mu Januwale 2015: anthu 12 ataphedwa pa ofesi ya nyuzi ya Charlie Hebdo ku Paris dziko lonse linalira, pomwe masiku omwewo zigawenga za Boko Haram zinapha anthu ambirimbiri ku Baga, ku Nigeria, nkhani n'kungopita mwakachetechete.

Ena amaganiza kuti pali wamkulu amene amatiimbira foni kuti tibise. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chaching'ono kuposa pamenepo. Zotsatsa malonda zikabwera mochedwa, tsamba limene limayamba kupereka malo ndi la nkhani zakunja, ndipo podula timayambira pansi.