Mkonono wa Pug si nyimbo

Pafupifupi aliyense wobwera ndi galu wa mtundu wa Pug amandiuza mawu omwewo uku akumwetulira: "Adokotala, kameneka mkonono wake ngati wa munthu wamkulu." Ine ndinasiya kale kuseka nawo. Galu woliza mkonono ali maso, ataimirira patebulo langa, akulimbana ndi mpweya.

Agaluwa kwawo ndi ku China, kumene ankawetedwa m'nyumba za mafumu, ntchito yawo n'kukhala pamiyendo ya anthu basi. Amalonda anafika nawo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo banja lachifumu la Orange ku Netherlands linawakonda zedi. Koma mukaone chithunzi chimene William Hogarth, katswiri wojambula wa ku England, anadzijambula mu 1745 ali ndi Pug wake, dzina lake Trump. Mphuno ilipo ndithu yooneka, miyendo ndi yaitali. Nkhope yophwatalala ya leroyi ndi ntchito ya oweta, amene akhala akusankha tiana ta mphuno zazifupi poti ogula amati n'tokongola.

Vuto lake nali: fupa linafupika, koma nyama za m'kati sizinachepe. Lilime ndi nyama yofewa ya kumwamba kwa kukhosi zapanikizana pamalo ochepa, ngati katundu wa nyumba yonse mutamuunjika m'kachipinda kamodzi. Mabowo a mphuno angokhala timing'alu. Tsono galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu. Pug akatenthedwa amapuma mwamphamvu, kukhosi n'kutupa, njira ya mpweya n'kucheperachepera, thupi n'kumangotenthabe. N'chifukwa chake ku Netherlands komweko, kuyambira mu 2019, boma linakhwimitsa lamulo loletsa kubereketsa agalu a mphuno zofupika mopitirira muyeso.

Chomvetsa chisoni n'chakuti khalidwe lake labwino ndi lomwe limamupweteketsa. Pug ndi wofatsa, wokonda ana, wanthabwala, ndipo safuna kusiyana ndi mwini wake ngakhale popita kubafa. Sakana ulendo. Adzakutsatirani padzuwa mpaka agwe.

Alipo mmodzi amene sachoka m'mutu mwanga. Anali wa zaka zitatu, wonenepa kwambiri, ndipo mwini wake, mayi wachikulire, ankamukonda ngati mdzukulu. Anayenda naye masana dzuwa likuswa mtengo. Pobwerera galu uja anangoti khwathalala pansi, dovu kukamwa. Mayi aja anaimbira foni munthu wina wodzitcha katswiri wa agalu, yemwe anati ndi njoka za m'mimba, n'kubwera kudzamubaya jakisoni wosadziwika dzina. Anati adikire kuche. Pamene ankafika kwa ine m'mawa mwake, lilime linali litabiriwira, nkhama zili mbuu, akutsegula m'mimba magazi. Tinamuika pa mpweya, tinamuika diripi, koma impso zinali zitasiya kale ntchito. Mayi aja anandifunsa kuti, "Adokotala, ndikanabwera dzulo akanachira?" Ndinangozyolika. Yankho ndinkalidziwa.

Choncho mvetsani. Kutentha kwa thupi la galu kumakhala madigiri 38 mpaka 39. Kukadutsa 41, ziwalo za m'kati zimayamba kuwonongeka, ndipo apa tikuwerenga mphindi, osati maola. Muthireni madzi ozizira thupi lonse pomwepo, mupepeseni mphepo, kenako thamangani naye kwa dokotala wa ziweto. Musamufunditse thaulo lonyowa, limasunga kutentha. Musamukakamize kumwa madzi ali lenguu, angatsamwe. Ndipo chonde, mankhwala anu a mutu asungeni. Ibuprofen amaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso. Wina aliyense wotulutsa jakisoni m'thumba asanayeze n'komwe kutentha kwa thupi, muonetseni msana wa njira.

Za katemera ndi utitiri sindinenapo, mukuzidziwa. Koma sikelo ndiyo ndimakangana nayo anthu tsiku ndi tsiku. Pug wamkulu ayenera kulemera makilogalamu 6 mpaka 8. Ambiri amene ndimawaona adutsa pamenepo kalekale, chifukwa kagaluka kakakuyang'anani ndi maso aakulu aja mukudya, mtima umagwa. Mafuta onsewo akupanikiza chifuwa chomwe chikuvutika kale. Mukamusisita m'mbali n'kulephera kumva nthiti, chepetsani chakudya lero.

Chingwe cha m'khosi tayani, mugule chomangira pachifuwa. Makwinya a pamphuno muziwapukuta n'kuwaumitsa, apo ayi amanyeka n'kuyamba fungo. Maso ake ndi otuzuka, sachedwa kukandika. Akamatsinzina diso limodzi kapena likamachucha misozi, limenelo ndi lofunika dokotala lero lomwe, chifukwa chilonda cha padiso chimatha kuboola m'masiku ochepa.

Opaleshoni yokulitsa mabowo a mphuno ndi kudula nyama yotsekereza kukhosi ilipo, ndipo imathandiza kwambiri galu akadali wamng'ono. Mukachedwa zaka, kholingo limafooka chifukwa chokoka mpweya mwamphamvu nthawi yaitali, ndiye pamenepo mpeni wanga ungachite zochepa. Ngati Pug wanu amagona atakhala tsonga, kapena ataluma chidole kuti kukamwa kusatsekeke, bwerani naye sabata ino.